Kuchoka pa choko kupita pa khodi, zomwe ma poster a pa Facebook sakuuzani

Ku inbox kwanga kukumangobwera funso limodzi lomwelo, makamaka kuchokera kwa azimayi anzanga, aphunzitsi, manesi, wina amagwira pa till mu shopu ina ku Limbe, wina ndi agent wa mobile money: Madamu inu munatani kuti muchoke mkalasi mpaka kukakhala wopanga mapulogalamu a pa kompyuta? Ndiyambire pati? Ndisiye kaye ntchito? Ndatopa nako kuyankha mmodzimmodzi pa voice note nde ndati ndingolemba kamodzi, amene afunsenso ndizingomuponyera link basi.

Kwa amene simundidziwa, ine ndinali mphunzitsi wa pulayimale, wa IPTE weniweni, wodutsa ku TTC, ndaphunzitsa sitandade 7 ndi 8 pa sukulu ina ya kumudzi kwa zaka zambiri ndithu. Pano ndimalemba khodi, malangizo amene kompyuta imatsatira mu pulogalamu, pa kakampani kena kakang'ono ku Lilongwe. Ndilibe digiri ya kompyuta, ndili ndi ana, ndipo mu ofesi mwathu wamkulu pa zaka ndi ine, mzimayi wolemba khodi ndi ine ndekhanso. Zomwe ndikufuna mumve ndi zakuti amene anandilowetsa mu ntchito imeneyi si Python ayi, chilankhulo cholembera khodi chija, ndi uphunzitsi womwewo umene ambiri a inu mukufuna kuutaya ngati chinthu chochititsa manyazi.

Aliyense amene anagwirako kalasi akudziwa mmene sabata yomaliza ya teremu imakhalira. Ana oposa 100 mkalasi imodzi, maphunziro onse aja, uwonkhetse malikisi a mwana aliyense, upeze nambala wani mpaka womaliza, kenako ulembe ma school report pamanja, ahedi akudikira kuti asayine, makolo akubwera Lachisanu. Ukalakwitsa kuwonkhetsa pa mwana mmodzi ma position onse asokonekera uyambirenso. Msuweni wanga wina anandisiyira laputopu yakale yoti batire inafa kalekale, imangoyaka ikakhala pa moto, nde ndinayamba kuika malikisi mu Excel. SUM, kenako RANK, kenako IF yoti izilemba yokha pass kapena fail. Aphunzitsi anzanga ataona kuti ine ndamaliza iwo akadali pa calculator ya pa foni anayamba kumabwera ndi mapepala awo, Madamu tatithandizeniko, mpaka ma zone ena anamva.

Apa ndi pamene pali nkhani yonse. Template ya ma report mutha kuipeza pa intaneti yaulere, yokongola kuposa yanga, koma ikafika pa sukulu ya kwathu imagwa tsiku lomwelo. Chifukwa wopanga uja sadziwa kuti mkalasi imodzi mutha kukhala ana atatu a dzina limodzi ndi la bambo lomwe limodzi, a Banda okhaokha kapena a Phiri okhaokha, nde ukagwiritsa ntchito dzina ngati chozindikirira mwana malikisi asakanikirana. Sadziwa kuti mwana amene sanalembe mayeso chifukwa anadwala malungo si wofanana ndi amene analemba nkupeza ziro, koma ukasiya bokosi lopanda kanthu formula ina imamuwerengera ngati ziro, ina imangomudumpha, average nkusiyana. Sadziwa kuti mwana amatha kulembetsa ndi dzina lina chaka chino, chaka chamawa akubwereza kalasi wabwera ndi dzina la amalume ake amene akumusunga. Tsiku lobadwa ana ambiri salidziwa, amangoti chaka cha njala chija, ndiye pulogalamu yokakamira date of birth isanakulole kupitirira ndi yopanda ntchito. Ana awiri akalingana malikisi onse ndi nambala 3, wotsatira akhale nambala 4 kapena 5? Ahedi ena amafuna mwakuti ena mwakuti, ndipo makolo amabwera kudzakangana pa zimenezo.

Nthawi imeneyo sindinkadziwa kuti zinthu zimenezi zili ndi mayina ku ma developer (olemba mapulogalamu), unique ID, null, validation, edge case. Ndinadzamva mayinawo pambuyo, koma mavutowo ndinali nditakhala nawo zaka. Excel itayamba kundichepera, chifukwa ndimafuna kuti report ya mwana aliyense izituluka yokha yoti kungosindikiza, ndi pamene ndinagwira Python. Sindinaiphunzire kuti ndidzapeze ntchito ya madola, ndimangofuna ndigone Lachinayi usiku.

Si ine woyamba, ndipo ndimakonda kuwauza anthu zimenezi akamati uphunzitsi ndi khodi nzotalikirana. Amene anayambitsa freeCodeCamp, website yophunzitsa khodi, mu 2014, Quincy Larson, anali mphunzitsi ndi woyendetsa sukulu, anayamba kulemba khodi ali ndi zaka za m'ma 30 pofuna kuchepetsa ntchito ya mapepala ya aphunzitsi ake. Lero website yakeyo ndi kumene anthu osawerengeka amayambira osalipira kanthu. Wina amene amandisangalatsa kwambiri ndi Dorothy Vaughan, mayi wachikuda wa ku America, wobadwa mu 1910, amene ankaphunzitsa masamu pa sekondale ku Farmville ku Virginia. Mu 1943 anakalowa ntchito ku Langley, ku bungwe la NACA limene linadzasanduka NASA mu 1958, nthawi imene azimayi achikuda ankawaika mu ofesi yawoyawo kuwerengetsa masamu pamanja. Mu 1949 anakhala mkulu wa gulu limenelo. Makina a kompyuta atayamba kubwera iye anaona kuti ntchito yowerengetsa pamanja ikutha, nde anaphunzira FORTRAN, chilankhulo cha khodi cha nthawi imeneyo, ali mayi wamkulu kale, wa ana 6, nkuphunzitsanso anzake. Chimene ndimachiona pa mayi ameneyu nchakuti sanathawe masamu ake nkukayamba zachilendo, anangotenga ntchito yomwe ankaidziwa kale nkuisamutsira pa makina.

Tsopano za mtengo wake, chifukwa ma poster aja amati aliyense angathe kuphunzira khodi, maphunziro ndi aulere pa intaneti, chofunika ndi mtima basi. Maphunzirowo ndi aulere zoona, freeCodeCamp, The Odin Project, CS50 ya ku Harvard ija amaphunzitsa David Malan, zonse zaulere. Koma bandulo si yaulere, laputopu si yaulere, magetsi si aulere, ndipo chodula kuposa zonse ndi nthawi. Lecture imodzi ya CS50 imatha maola awiri, uyionere pa bandulo ya salale ya mphunzitsi uone. Ine ndimagula ma bandulo a usiku aja, kudzuka pakati pa usiku kudawuniloda mavidiyo pa quality yotsikitsitsa yoti zilembo zikuoneka mwa chimbuuzi, mmawa wake 7 koloko ndili pa assembly. Ndinadzazindikira kuti zowerenga zimadya data pang'ono kuposa mavidiyo, documentation ya Python yonse umatha kuitsitsa nkumaiwerenga opanda netiweki, ndipo kunena zoona imaphunzitsa bwino kuposa ma YouTuber ambiri othamanga aja.

Mu Januwale 2022 namondwe Ana ataononga Kapichira dziko linataya ma megawatt pafupifupi 130, ndipo aliyense akukumbukira mdima wa chaka chimenecho. Kwa munthu wa laputopu yopanda batire zimatanthauza kuti magetsi akabwera 11 koloko usiku ndiye nthawi ya sukulu yakwana, kaya watopa kaya ayi. Kenako kwacha inagwa ndi 25% mu Meyi 2022, nkudzagwanso ndi 44% mu Novembala 2023, laputopu ya kaunjika imene umaisungira ndalama pang'onopang'ono imangothawa iwe ukuiona. Yanga yachiwiri ndinagulira ndalama za banki mkhonde, azimayi anzanga akundiseka kuti anzako akugula malata iwe ukugula chidole.

Nkhani ya nthawi ndiye imawawa kwambiri kwa azimayi. Mnyamata wa zaka 22 amene akukhala kwa makolo ake, nsima akuipeza pa tebulo, atha kukhala pa kompyuta tsiku lonse. Iwe ukaweruka kusukulu pali madzi, pali moto, pali homuweki ya ana ako, pali maliro a kumpingo oti ukapanda kuonekera anthu akunena, pali apongozi abwera kudzaona adzukulu ndipo sungawasiye pa khonde iwe uli kuchipinda ndi makina. Apongozi anga anandifunsa tsiku lina mwaulemu ndithu, amake mwana, kodi ntchito ya boma ija yakutopetsani? Penshoni mudzaipeza kuti? Ndipo funso lawolo linali lanzeru, sindinawaone ngati otsalira ayi. Bambo a kunyumba akanakhala osamvetsa sindikanafika pano, iwowo ndi amene ankagoneka ana masiku amene ndili ndi assignment. Nde mukamawerenga nkhani za anthu oti anaphunzira khodi miyezi 6 nkupeza ntchito, muzifunsa kuti ankawaphikira ndani, lendi ankalipira ndani.

Nchifukwa chake funso loti ndisiye kaye ntchito ndimaliyankha kuti ayi. Ine ndinasiya kalasi kalata ya ntchito yatsopano ili mmanja, osati isanabwere. Mako ndi mako usamuone kuchepa mwendo, kasalale kochepako ndi kamene kagule bandulo.

Masukulu a khodi amene ndimawapatsa ulemu ndi amene anaimvetsa nkhani imeneyi. Ku Britain kuli CodeYourFuture imene inayambira ku London mu 2016, yophunzitsa anthu othawa kwawo ndi ena ovutika, aphunzitsi ake ndi ma developer ongodzipereka, makalasi amakhala kumapeto kwa sabata kuti amene ali pa ntchito asasiye, ndipo amathandiza ndi laputopu, thiransipoti ngakhale ndalama yosiyira mwana kwa womulera. Inu muli ku UK mukugwira za care mukundifunsa ku inbox, yambani mwaona kumeneko. Ku South Africa kuli WeThinkCode_ imene inayambira ku Johannesburg, yosalipiritsa, imatenga a zaka 17 mpaka 35 ndipo sikuti imayang'ana kaye satifiketi yako, umalemba mayeso awo oona mmene umaganizira. Kuno kwathu mHub imene Rachel Sibande anayambitsa ku Lilongwe mu 2013 yakhala ikuphunzitsa ana ndi atsikana khodi, ku Mzuzu kuli Mzuzu E-Hub. Pomwe ma poster ena aja, lipirani mwakuti mukhale full stack developer pa miyezi itatu muzilandira madola muli pa bedi, amenewo ine ndimangodutsa. Sukulu ikamakulonjeza salale isanakufunse ngati uli ndi magetsi kunyumba, ikufuna fizi yako basi.

Koma amene amandichititsa manyazi ndikayamba kudandaula ndi a ku Dzaleka ku Dowa. Kampu ija inatsegulidwa mu 1994 pa malo amene kale inali ndende, ndipo pano muli anthu oposa 50,000, ambiri ochokera ku Congo, Burundi ndi Rwanda. Malamulo salola kuti azingotuluka kukagwira ntchito mtauni, ndipo mu 2023 tonse tinaona amene ankakhala m'matauni akubwezedwa kukampu. Mkati momwemo Remy Gakwaya wa ku Burundi anayambitsa TakenoLAB, kuphunzitsa anzake khodi poyamba opanda makompyuta okwanira, mpaka kusindikiza chithunzi cha keyboard pa pepala kuti ophunzira azizolowera pamene pali zilembo. Mu 2017 Microsoft ndi UNHCR anadzatsegula AppFactory, malo ophunzitsira kupanga ma app, komweko. Kwa munthu amene lamulo lamutsekera pa geti, ntchito yodutsa pa intaneti ndi imodzi mwa zochepa zimene angathe kugwira. Ife tili ndi ID ya dziko, titha kukwera minibasi kukagogoda pa ofesi iliyonse, tisamaiwale zimenezo.

Pano ndinene zosakoma. Msika wa ma junior developer si uja wa zaka 10 zapitazo. Kampani ya Andela itayamba ku Lagos mu 2014 inkatenga achinyamata osadziwa zambiri, kuwaphunzitsa uku ikuwalipira, nkuwapezera ntchito ku makampani a ku America, mpaka mu 2016 bungwe la Mark Zuckerberg ndi mkazi wake linatsogolera kuikamo madola 24 miliyoni. Africa yense ankaloza kumeneko kuti njira ndi iyi. Mu Seputembala 2019 kampani yomweyo inachotsa ma junior pafupifupi 400 ku Nigeria, Kenya ndi Uganda, chifukwa makasitomala ankafuna ma senior. Kenako Novembala 2022 Meta, eni ake a Facebook, inachotsa anthu 11,000, Januwale 2023 Google 12,000, Microsoft 10,000, ndipo mwezi womwewo wa Novembala 2022 kunatuluka ChatGPT imene lero imalemba ka website ka portfolio, ka to-do list ndi ka calculator, zonse zija ma bootcamp, masukulu achidule a khodi aja, amakupangitsa, pa masekondi ochepa. Kuno kwathu onjezeranipo zoti ntchito zambiri za data ndi mapulogalamu zili ku ma NGO, ndipo America itadula thandizo lake kumayambiriro kwa 2025 anthu ambiri odziwa ntchito anabwerera pa msika kudzalimbirana mipata yomweyo.

Ndiye tangoganizani, inu mayi wa zaka 35 mwaphunzira React, chida chopangira ma website, pa YouTube, mukupikisana ndi mnyamata wa digiri ya ku MUBAS kapena MUST kapena Chanco, ndi senior amene wangochotsedwa ku NGO, ndi makina olemba khodi yaulere. Pa mpikisano wa amene amadziwa React kwambiri muluza, ndisakunamizeni. Koma pali mpikisano wina umene iwowo sangakugonjetseni, wa amene akudziwa mmene ntchito imayendera pansi penipeni, ku kalasi, ku wodi, pa kauntala.

Ntchito yanga yoyamba inabwera choncho. Kakampani kena kanapeza kontirakiti yopanga pulogalamu yosunga mayina ndi malikisi a ana m'masukulu, anyamata ake anzeru ndithu anapanga chinthu chooneka bwino, atapita nacho ku field aphunzitsi anangochiyesa tsiku limodzi nkubwerera ku ma hardcover awo. Munthu wina amene anaonapo ma report anga anawauza kuti kuli mayi wina uko, mukamuone. Pa intavyu anandipatsa ka mayeso ka khodi, ndinachita mwapakatikati, osati zoti nkudzitama nazo. Kenako anandionetsa pulogalamu yawoyo, ine nkuyamba kuwafunsa, mwana akasamuka pakati pa teremu mumamuika pati, netiweki ikathawa uli pakati polowetsa malikisi a ana 100 zimasungika, mphunzitsi mmodzi akamagwira makalasi awiri amalowa bwanji, nanga foni imodzi akamabwerekana aphunzitsi anayi. Bwana wake anasiya kulemba nkumangondiyang'ana. Anandilemba pa salale ya junior, yosasiyana kwambiri ndi yakale kunena zoona, koma ndinalowa.

Mnzanga wina anadutsa njira yofananayo kuchokera ku chipatala. Anali data clerk pa health centre, zaka akukopera manambala kuchoka m'ma register akuluakulu aja kupita mu DHIS2, pulogalamu ya ku yunivesite ya Oslo imene unduna wa zaumoyo umasungiramo malipoti. Iye amadziwa chifukwa chake manambala a mwezi sagwirizana, amadziwa kuti nesi akakhala yekha pa mzere wa anthu 200 mabokosi ena amangowadumpha, amadziwa kuti wodwala amaiwala buku la kuchipatala nkugula lina nkukhala munthu watsopano. Anayamba ndi kupanga ma form otolera data a KoboToolbox, amene umawalemba mu Excel momwemo, kenako SQL, chilankhulo chofunsira data yosungidwa mu database, kenako Python yotsukira data, pano amalemba khodi yolumikiza ma system a zaumoyo. Ndipo za zaumoyozi Malawi si mlendo, Baobab Health inayamba kuika makompyuta a touchscreen ku Kamuzu Central kalekale kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, ma developer ambiri akuluakulu a mdziko muno anakulira kumeneko. Agent wa mobile money uja ndinamuuzanso zomwezo: iwe umadziwa float ikatha zimakhala bwanji, umadziwa munthu akatumiza ku nambala yolakwika amalira bwanji, umadziwa agogo amasochera pa sitepe iti akadina *211# kapena *444#. Aliyense amene akupanga app yolipirira kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba akufunika munthu woteroyo, kaya akudziwa kaya sakudziwa. Aphunzitsi anzanga, matabuleti a BEFIT alowa m'masukulu a pulayimale, mukuganiza kuti amene adzamvetse chifukwa chake mwana wa sitandade 1 akukanika kudina pamene akuyenera kudina ndi ndani?

Osamva ngati ndikunyoza a digiri. Pali zinthu zimene anyamata a mu ofesi mwathu anaphunzira chaka chachiwiri ku koleji zimene ine ndimakumana nazo koyamba pulogalamu itayamba kale kuchedwa. Query yanga ina, khodi yofunsira database, inkayenda bwinobwino pa sukulu imodzi, titaika masukulu ambiri inayamba kutenga nthawi yoti utha kukathira tiyi nkubwera, mnyamata wina anangoyang'ana nkuti anti apa mukufunsa database kamodzi pa mwana aliyense, bwanji osangofunsa kamodzi onse, komanso palibe index yothandiza database kupeza zinthu msanga. Anandikhazika pansi nkundijambulira pa pepala. Zimenezo uziphunzira ndithu, palibe kuzemba, ma data structure, mmene netiweki imayendera, git, chida chosungira zosintha za khodi, ikakwiya ndi merge conflict anthu awiri akasintha malo amodzi. Code review yoyamba imawawa, makamaka kwa ife tinazolowera kugwira bolopeni yofiira, kuona mwana woti ukanamuphunzitsa sitandade 8 akukulembera ndemanga mzere uliwonse. Koma uphunzitsi umathandizanso pomwepo, timadziwa kuti kuchongedwa si kudedwa.

Zina za mu ofesi ndiye zimangotopetsa. Kasitomala akalowa amandipatsa moni nkundifunsa ngati ma developer alipo. Pa miting'i amayang'ana ine kuti ndilembe ma minutes, tsiku lobadwa la wina keke adule anti, alendo akabwera tiyi aone anti. Poyamba ndinkangochita poti ndi mmene tinaleredwera, kenako ndinawauza mwaulemu kuti achimwene, ma minutes tizisinthana, sabata ino ndi inu. Anaseka koma zinasintha. Chinanso choti muchenjere nacho, ukakhala mzimayi wodziwa kulankhula ndi anthu amafulumira kukukankhira ku training ndi support, iwe uzipita ku field kukaphunzitsa ma user, khodi azilemba anyamata. Ntchito imeneyo si yoipa ndipo ine ndimaikonda, koma ukangovomera yonse pakatha chaka upeza GitHub yako, kumene ma developer amasunga ndi kuonetsa khodi yawo, ili gwa ndipo dzina la developer latsala pa kontirakiti pokha. Ine ndinagwirizana ndi bwana kuti bug iliyonse, cholakwika cha mu pulogalamu, imene ndaitola ku field ndiziikonza ndekha, wina azingoiona ndikamaliza.

Pa za AI poti ambiri mumafunsa, ndimaigwiritsa ntchito tsiku lililonse, kubisa ayi. Imandifotokozera error imene kale ndikanakhala nayo usiku wonse, ndipo sitopa ngakhale uifunse chinthu chimodzi kambirimbiri, zimene kwa munthu wophunzira yekha kumudzi ndi chithandizo chachikulu. Koma ukaiuza kuti ikupangire system ya sukulu imakupatsa ya sukulu ya ku America, mwana aliyense ali ndi email, kholo lili ndi email, tsiku lobadwa lilipo, netiweki siithawa. Imalemba zimene waiuza, nde ngati sukudziwa zoti uiuze ikupatsa zokongola zosagwira ntchito. Ndipo ngati sutha kuwerenga khodi imene yakupatsa, tsiku limene zidzaphulike kwa kasitomala udzangoti kakasi. Pophunzira muziyamba mwalemba nokha, ikakukanikani ndiye muifunse chifukwa chake, osati ikulembereni.

Nde ndiyambire pati? Yang'anani pa ntchito yanu pomwepo chinthu chimene mumachibwereza mwezi ndi mwezi mpaka chimakunyansani, stock ya mankhwala, ma shift a manesi, ngongole za banki mkhonde, chakhumi cha kumpingo, fizi ya ana. Chiikeni mu Excel kapena Google Sheets kaye mpaka anzanu ayambe kukubwerekani. Kenako SQL, ine ndimati SQL isanabwere ina iliyonse, chifukwa ntchito zambiri za kuno ndi zosunga ndi kufunsa data, ndipo munthu wozolowera register amaimva msanga. Kenako chilankhulo chimodzi, Python kapena JavaScript, kapena PHP poti makampani ambiri a mtauni muno amagwiritsa ntchito Laravel imene imayendera PHP, chimodzi basi osamadumphadumpha mwezi uno ichi mwezi wamawa icho chifukwa wina wanena pa TikTok. Zimene mwapanga muziike pa GitHub, koma chonde chotsanimo mayina enieni a ana kapena odwala, ikanimo opeka, nkhani ya data ya anthu si yosewera nayo. Ndipo pa CV osabisa zaka za mkalasi kapena za ku wodi pansi penipeni ngati mlandu, zikhale pamwamba, pafupi ndi link ya chinthu chimene munapanga ndi chiwerengero cha anthu amene akuchigwiritsa ntchito.

Kagulu kathu ka Loweruka kakupitirira, timakumana masana tikamaliza zochapa, ana amaloledwa, pali wina amabwera ndi wa kumsana ndipo palibe amadandaula. Laputopu ngati mulibe bwerani choncho, timakhala awiriawiri pa makina amodzi. Chimene ndimapempha nchakuti mubwere ndi fomu kapena tsamba la register ya kuntchito kwanu losalembapo kanthu, mwezi uno tikusandutsa mapepala amenewo kukhala ma table a database, ndipo amene anabwera ndi buku la banki mkhonde ulendo watha abwere nalonso poti nkhani ya chiwongoladzanja cha wobweza mochedwa sitinaimalize.